Mapazi a Apongozi Anga

Pa Khirisimasi yapitayi mkamwini wanga, mwamuna wa Nelia, anabwera ndi galimoto kuchokera ku Lusaka. Atangotsika anathamangira mkazi wanga, namukumbatira pakati pa bwalo anthu akuona, akuti, "Mami, mwaonda!" Kenako anatulutsa nsapato m'pepala, namupatsa m'manja. Mkazi wanga anaseka mano onse panja. Ine ndinalowa m'nyumba.

Dzuwa litapendeka ndinamuitana mnyamatayo. Ndinamuuza kuti amayi ake ali ku Kabwe, awa ndi apongozi. Anati ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. Sukulu ndinalekera giredi seveni, koma izi ndikuzidziwa, ndipo ndazilemba kuti aziwerenge.

Apongozi ndi amene anakuberekera mkazi. Ngati ndiwe mkazi, ndi amene anakuberekera mwamuna. Abambo a mkazi wako nawonso ndi apongozi, ndipo iwo akamakutchula iwe amati apongozi. Dzinali limapita uku ndi uku, ndipo limalemera mbali zonse. M'masiku athu apongozi aakazi sunkawayang'ana kumaso. Sunkadya iwo akuona. Mukakumana panjira, iwe unkapatukira kutchire, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja mpaka adutse. Akafuna kukuuza kanthu ankatuma munthu, kapena ankalankhula chapansipansi ali kuseri kwa nkhokwe, ngati akuuza nkhuku. Sunali udani. Unali ulemu.

Ine kwathu ndi ku Mpanshya, makolo anga anachokera ku Petauke. Mkazi ndinamupeza ku tchalitchi, koma kwawo ndi ku Shikabeta, ndipo ndinapita kukakhala kumeneko chikamwini. Apongozi aamuna anali atamwalira kale. Kuyambira tsiku limene ndinafika ndi ankhoswe, maso anga anali pansi. Apongozi ndinkawaona chapatali, atawerama m'munda, duku kumutu. Chimene ndinkachidziwa bwino ndi mapazi awo. Chala chachikulu cha kumanzere chinatemedwa ndi khasu ali mtsikana, ndipo chikhadabo chinamera chogawikana pakati ngati chiboda cha mbuzi. Ndikangochiona chalacho pakhomo, ndinkadziwa kothawira.

Tsiku lina tinakumana panjira ya kumtsinje. Ndinalumphira kumbali osayang'ana, ndipo ndinagwera m'chitedze. Ndinanjuta momwemo, ndikuwomba m'manja. Sindinadzikande mpaka atazimiririka. Ndinali mkamwini wotero.

Kenako kunagwa chilala. Chimanga chimene dzuwa linasiya, njovu zinamaliza. Nelia anali kumsana. Ine ndinali nditaphunzira kumanga nyumba ndili dakaboyi, wosakanizira amisiri daka la simenti ndi mchenga, ku Mpanshya, ndipo ndinamva kuti ku Botswana akufuna amisiri. Ndinatenga pasipoti. M'mawa wonyamuka mkazi wanga anandiperekeza mpaka pa msewu waukulu. Tikudikira basi anandipatsa kathumba ka nshawa zokazinga, nati zachokera kwa amayi, ndipo akuti auzeni apongozi kuti njira yopitira ndi yomwe yobwerera.

Lusaka ndinkaidziwa. Livingstone ndinaiona pawindo. Pa Kazungula tinawoloka Zambezi pa pantuni, ine nditagwira chitsulo ndi manja awiri, chifukwa madzi ochuluka chonchija sindinawaonepo. Tsidya linalo dziko ndi lathyathyathya. Munthu wa ku Rufunsa wazolowera phiri kutsogolo, phiri kumbuyo. Kumeneko maso ankapita mpaka kutopa, osapeza pogunda.

Ntchito ndinaipeza ku Francistown, pa kampani ina yomanga nyumba. Tinkagona m'komboni ya malata kuseri kwa njanji. M'chipinda mwathu tinalimo atatu: ine, Gondwe wa ku Malawi, ndi Sibanda wa ku Zimbabwe. Sibanda anakulira pa mafamu a fodya pakati pa anthu a kwathu, choncho Chinyanja ankachilankhula, ngakhale chinali chokhota. Anali munthu wa pakamwa. Ine sindinkamwa, sindinkapita kumagule, ndipo sindiseka chisawawa, ndiye anandipatsa dzina loti Bishopu. Komboni yonse inatengera. Ngakhale kapitawo ankati Bishopu, bweretsa chingwe.

M'malata muja nthawi yotentha munali ngati mu uvuni wa njerwa. Nthawi yozizira milomo inkang'ambika, madzi a m'ndowa ankaluma zala. Tinkaika mbaula pakati, n'kukhala mozungulira ngati anapiye. Apolisi ankabwera kudzaona mapepala, ndipo amene analibe ankatulukira pawindo, ena atavala nsapato imodzi. Anga anali bwino. Ndinkawatulutsa ndisanafunsidwe.

Chaka china simenti inandidya manja mpaka zikhatho zinatseguka. Sindinauze munthu. Gondwe anaona magazi pa buloko. Anandikhazika pansi, nandipaka mafuta, nandimanga ndi malaya ake akale. Masiku amenewo iye ndi Sibanda ankamanga khoma lawo mofulumira, kenako n'kubwera pa langa, kapitawo akayang'ana kumbali. Ine ndinkangogwira chingwe. Sibanda ankati Bishopu sagwira daka, amangodalitsa. Anthu awiriwa sindinawaonenso kuchokera pamene ndinachoka, koma ndikamadya zabwino ndimawakumbuka.

Kumudzi ndinkatumiza. Kunali amayi a malonda a ku Rufunsa ndi ku Chongwe amene ankabwera kudzagula katundu, ndipo ndinkawapatsira ndalama, mabulangete, mapoto, madiresi a mwana. Mawu sindinkatumiza. Sindine munthu wa makalata. Ndinkati bulangete likafika, ndiye kuti ndalankhula. Kupita kukaona anthu sindinkapita, chifukwa ukachoka mwezi umodzi malo ako amatenga wina, ndipo ine ndinali ndi zimene ndinkafuna: malata a nyumba, ndi makina osokera a mkazi wanga, amene anaphunzira kusoka kwa masisitere koma analibe ake. Mvula zinkabwera n'kupita. Ndinkati chaka chamawa.

Makinawo ndinawagula kwa mayi wina wamasiye wa Chitswana. Tsiku lokawatenga ndinasenza mutu wa makinawo paphewa, mayiyo akundiperekeza atanyamula chivundikiro, akuseka chifukwa ndinkaphonya chilankhulo chawo. Pamsewu panadutsa lole, ndipo kumbuyo kwake kunali mnyamata wa ku Shikabeta. Ine sindinamuone. Iye anandiona. Atafika kumudzi anati atate a Nelia atchona, akwatira Mtswana, ndawaona ndi maso anga akusamutsa katundu wa mkaziyo.

Zimene zinatsatira ndinazimva pambuyo pake. A Lungu, amalume a mkazi wanga, anati ukwati uthe. Anati mwana wa mlongo wawo sangakalambe akudikira mtchona, ndipo nkhani idzakambidwa chimanga chikalowa m'nkhokwe. Mkazi wanga ankangolira. Apongozi ndiwo anakana. Anati sangathetse ukwati wa mwana wawo ndi maso a munthu wina. Anagulitsa mbuzi, anatenga pepala loyendera, nakwera basi pamodzi ndi amayi a malonda aja. Munthu amene sanapitirirepo Lusaka.

Loweruka lina masana kunabwera uthenga ku komboni woti amayi a malonda a kwanu afika, pali kathumba kako pa siteshoni ya mabasi. Ndinasamba, ndinapita ndi Sibanda. Kunali kozizira. Tinapeza mulu wa zikwama, ndipo pa benchi panakhala mayi mmodzi wachikulire, wamfupi, atavala chikhoti chachimuna, magalasi, ndi nsapato zansalu. Ndinapereka moni, n'kufunsa za amayi a ku Rufunsa. Anayankha ndi mawu osasa, a chimfine cha m'basi. Anati anzake apita kumasitolo, iye akulondera katundu, ndikhale ndidikire.

Ndinakhala. Pa benchi yomweyo. Ndinamuyang'ana kumaso monga umayang'anira munthu aliyense wapaulendo, ndipo ndinaona kuti watopa. Ndinatuma Sibanda akagule tiyi ndi vitumbuwa, zimene kumeneko amati magwinya. Tinayala pepala pakati pathu, tinayamba kudya.

Mayiyo anali wa mafunso. Kwanu n'kuti, munabwera liti, ntchito ikuyenda bwanji. Ndinkayankha mwachidule. Kenako anati zaka zonsezi kuno, mwamuna wamphamvu ngati inu, simungasowe wokuphikirani.

"Mayi, ndine wokwatira," ndinatero. "Mkazi wanga ali ku Shikabeta."

Sibanda analowerera, nati uyu ndi Bishopu, mkazi akamupatsa moni amayankha akuyang'ana nyerere. Mayiyo sanaseke. Ananyema chitumbuwa, nafunsa ngati apongozi anga ali moyo. Ndinati ali moyo. Anafunsa kuti ndi munthu wotani.

Sindidziwa chimene chinandimasula lilime. Mwina ndi tiyi, mwina ndi kumva Chinyanja cha kwathu. Ndinati apongozi anga ndi ovuta. Amadzuka nkhuku zisanatsike, n'kuyamba kunola khasu pafupi ndi nyumba ya mkamwini kuti asagone. Ndinati akamatsokomola m'mawa zimamveka ngati thirakitala yokana kulira. Sibanda anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Ndinapitiriza. Ndinati koma chaka cha chilala ankanama kuti adya kale kumunda, kuti mbale yanga idzaze. Ankaganiza kuti sindikudziwa.

Kenako mayiyo anafunsa ngati ndinawathokoza.

"Apongozi sawathokoza ndi pakamwa. Ndawagulira nsapato. Zili pansi pa bedi."

"Nanga saizi yake mwaidziwa bwanji?"

"Mapazi awo ndiye ndimawadziwa," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Anati kunena za mapazi, ake atupa ndi ulendo. Anawerama, namasula zingwe, navula nsapato yakumanzere, natambasula mwendo padzuwa.

Chikhadabo chogawikana pakati.

Mkamwa mwanga munali chitumbuwa. Kumeza sindikanatha, kulavula sindikanatha. Ndinatsika pa benchi ngati thumba la simenti, ndinatembenuza msana, ndinanjuta pa phula la mafuta a mabasi, n'kuyamba kuwomba m'manja. Anthu anayamba kusonkhana. Wina ankati wagwidwa ndi mizimu, wina ankati akupemphera. Sibanda anagwira botolo la madzi kuti andithire kumutu. Ndipamene ndinamva mawu osasa aja kumbuyo kwanga, akulankhula ndi Sibanda, osati ndi ine.

"Mwananga, auzeni apongozi amalize kutafuna."

Sibanda atamvetsa, anakhala pansi pa phula pomwepo, akuseka misozi ili chuchuchu. Ankangoti thirakitala, Bishopu, thirakitala. Ndikanakhala ndi buloko pafupi ndikanamuponyera.

Ena amati ndinachita uchitsiru. Ine ndimakana. Munthu angadziwe bwanji nkhope imene sanaiyang'anepo? Amene akanawazindikira apongozi ake pa benchi paja ndi mkamwini wa maso oyendayenda.

Apongozi anati akufuna kuona kumene ndimagona. Ndinatsogola patali, iwo pambuyo ndi Sibanda, amene tsopano anali pakamwa pathu tonse awiri. Sibandayo anauza komboni yonse tisanafike n'komwe pakhomo. Amuna akuluakulu, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, anatuluka m'malata mwawo n'kuvula zipewa. Ambiri anali atatha zaka osaona mayi wa kumudzi. Wina anabweretsa mpando, wina shuga, wina anangobwera kudzagwada. Ine ndinanjuta kuseri kwa mgolo wa madzi.

Apongozi analowa m'chipinda. Anaona mabedi atatu, mbaula, ndi mabuluku pa chingwe. Anasuzumira pansi pa bedi langa, napeza makina atakulungidwa m'bulangete, ndi nsapato zakuda m'bokosi. Anatuluka, nati akufuna kuona mwini makinawo. Sibanda anawaperekeza. Anabwera akundiuza kuti mayi wa Chitswana uja anatulukira ndi ndodo, mutu uli mbuu, wamkulu kuposa apongozi anga. Akuti awiriwo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kufiira, wina Chitswana wina Chinyanja, akuwombana m'manja ndi kuseka, osamvana ngakhale liwu limodzi.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Sinathe. Apongozi akunyamuka ndinatumiza Sibanda ndi bokosi la nsapato, ndipo analibweza. Anati iwo akuti uzani apongozi kuti zimene ndaona ndaona, koma a Lungu sadzamva za mayi wokalamba pomwe mwini ukwati palibe. Chimanga chikamalowa m'nkhokwe akhale atafika. Akapanda kufika, mkazi alibe. Nsapatozo adzandipatse okha.

Lolemba ndinapempha tchuthi kwa kapitawo. Anati nyumba sizinathe, ukapita usabwerenso. Ndinamaliza mzere wa mabuloko umene ndinali nditayamba, ndinatsuka zida zanga, ndinamutsanzika. Gondwe anandipatsa chingwe chake chomangira, chimene ndili nachobe. Sibanda anasenza makina mpaka pa basi, ndipo basi itayamba kuyenda anathamanga m'mbali mwake akutsokomola ngati thirakitala.

Ndinatsika pa msewu waukulu anthu akukolola. Makina anapita pa njinga, ine pambuyo wapansi. Nelia, amene ndinamusiya kumsana, ndinamupeza akutunga madzi yekha. Atandiona anathawira kwa anansi. Mkazi wanga anandilandira katundu, anandipatsa madzi osamba, anachita zonse zoyenera, koma nkhope inali yotseka. Ndinati kodi mabulangete sankafika? Anati ankafika onse. Anati koma bulangete ukalifunsa ngati mwini wake akukukumbuka, siliyankha.

Nkhani inakambidwa pansi pa mtengo wa masau, pakhomo pa a Lungu. Ankhoswe a mbali zonse analipo. Ine ndinakhala kumapeto, maso pansi. A Lungu analankhula nthawi yaitali. Anati mtchona ndi mtchona, lero wabwera chifukwa wamva moto, mawa apitanso kwa Mtswana wake. Mnyamata wa lole uja anaimirira, nabwereza zimene anaona. Anthu ena ankavomereza.

Kenako ndinaona mapazi aja akusuntha pa mphasa. Apongozi anayamba ndi basi, pantuni, chimfine. Ananena za komboni, za makina, za gogo wa ndodo. Ndinkayembekeza kuti za pa benchi azilumpha, chifukwa manyazi ake anali awonso, osati anga okha. Sanalumphe. Ananena zonse, tiyi, vitumbuwa, thirakitala. Amayi anagwira pakamwa. Wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

A Lungu anati, "Mlongo wanga, mukuti munadya ndi mkamwini?"

"Pepala limodzi, achimwene. Iwo uku, ine uku. Anandiyang'ana m'maso, osandidziwa. Munthu anakhala pakhomo panga, ndikumuphikira, osakweza maso ngakhale tsiku limodzi, ndiye mukuti akuponya maso kwa akazi a eni? Maso a munthu uyu amakhala pansi. Vuto lake ndi pakamwa, pamatseguka pokhapokha akamanena apongozi."

Bwalo lonse linaphulika. Ngakhale a Lungu anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso. Phokoso litatsika anati iwo amva, koma mwini nkhani ndi uyu, nayang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga ankakanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati ukwati ulipo, koma akadzapitanso kulikonse, ngakhale ku Rufunsa pa boma, azitumiza mawu, mabulangete akwana. Ndinavomera pamaso pa anthu. Sindinapitenso kunja.

Patapita masiku ochepa apongozi anapha nkhuku, naitana ankhoswe ndi amayi achikulire. Anandiitanira m'nyumba mwawo, mmene ndinali ndisanapondemo. Anati zimene zinachitika mwangozi ku Botswana zichitike tsopano mwa mwambo. Anavundukula mbale, nanyema nyama, nandipatsa m'manja. Kenako analankhula ndi ine mwini, popanda wapakati.

"Apongozi, kwezani maso. Mwawaona mokwanira mapaziwa."

Ndinakweza. Popanda magalasi obwereka aja ndi chikhoti, anali mayi wa nkhope yaing'ono, wa mpata pakati pa mano, maso ake enieni a mkazi wanga. Ankaseka. Nanenso ndinaseka, ndipo amene analipo amati aka kanali koyamba kuona mano anga. Ndinatsegula bokosi, ndinagwada, ndinaika nsapato patsogolo pawo. Anavala. Zinalowa ngati anabadwa nazo, ndipo chala chija chinapeza malo ake.

Kuyambira pamenepo tinkakhala pakhonde limodzi, tinkadya pamodzi, tinkatsutsana za mbewu. Nditamanga nyumba ya malata ku Mpanshya anabwera kudzakhala nafe, ndipo anakalambira m'manja mwathu. M'mawa akatsokomola ankaitana okha kuti atate a Nelia, bwerani mudzakankhe thirakitala. Koma mpaka tsiku limene tinawaika, sindinawatchulepo dzina lina. Anali apongozi.

Mkamwini wanga ndi mnyamata wabwino. Amasunga bwino Nelia, ndipo ine sindikumuuza kuti azilumphira m'chitedze. Masiku amenewo anapita. Koma nsapato zimene anabweretsera mami wake zija ndi zazikulu. Mkazi wanga amaika thonje kutsogolo kuti zisavuke popita ku tchalitchi.